INJINI YA BOTI IKAKANA KULIRA

Mau kwa alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba

Inu alimi a kucigwa, amene minda yanu iri m'mbali mwa Luangwa, m'dziko la Mfumu Nyalugwe ndi la Mfumu Luembe, mudziwa bwino kuti mtsinje umenewu sukhala cimodzi-modzi caka conse. M'cilimwe uphwa, nusiya mcenga poyera, kotero kuti malo ena munthu aoloka ndi miyendo. Koma mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala kufikira Marici, madzi adzala, nathamanga ndi mitengo yozuka, ndipo m'menemo muli ng'ona ndi mvuu. Ulalo ulipo ndithu pa mseu waukuru wa Great East Road. Woyamba unamangidwa m'caka ca 1932, ndipo umene magalimoto aolokapo lero unatsegulidwa m'caka ca 1968. Koma ulalowo uli kutali ndi midzi yambiri. Kwa munthu amene ali ndi wodwala wofunika kucipatala, kapena matumba a mbeu ndi feteleza ali tsidya lija, boti la injini ndilo mseu wace.

Tsono pali bvuto limodzi limene lisautsa eni maboti koposa onse. Munthu akoka cingwe, injini itembenuka bwino-bwino, koma osalira. Akokanso, nakokanso, kufikira phewa liwawa, ndipo anthu a padooko ayamba kunena mau osiyana-siyana. Wina ati pulagi yafa, wina ati kabureta, wina ati alipo amene waponda pamenepa. Mwini wace, pokhala wapsa mtima, atenga sipanala namasula ciri conse cimene maso ace aona. Pofika madzulo tizitsulo tina tagwera m'madzi, ndipo injini imene inangofuna nchito ya mphindi zisanu isanduka katundu wopita naye kwa makanika ku Nyimba kapena ku Petauke, ndi ndalama za nshawa za caka conse.

Mau athu ndi amodzi, ndipo ndi awa: injini ikakana kulira, funani bvuto lace mwa dongosolo, kuyambira pa zinthu zapafupi ndi zosalira ndalama, ndipo musamasule kabureta musanafunse pulagi. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

ZINTHU ZINAI ZIMENE INJINI IFUNA

Mai akafuna kusonkha moto afuna nkhuni, mpweya ndi macesi. Injini ya petulo nayonso iri cimodzi-modzi, koma iyo ionjezapo cinthu cacinai. Ifuna mpweya, ifuna petulo, ifuna kamoto kocokera ku pulagi, ndiponso ifuna kupanikiza, ndiko kuti pisitoni ikankhe mpweya ndi petulo m'kamalo kakang'ono pulagi isanayatse. Zinai zimenezi zikakumana pa nthawi yace, injini siingakane kulira. Ikakana, dziwani kuti cimodzi ca izo casowa, kapena cacuruka kopitirira muyeso. Palibe cifukwa cacisanu.

Nchito yosanganiza mpweya ndi petulo ndiyo ya kabureta. Pansi pace pali kambale kosungiramo petulo pang'ono. M'kambalemo muli kanthu koyandama, kamene amakanika akacha fuloti. Petulo akadzala, fuloti ikwera nikankha kasingano kotseka njira, ndipo petulo akacepa, itsika nitsegulanso. Pamwamba pali m'mero wopapatiza pakati. Monga madzi a mtsinje athamanga kwambiri popita pakati pa miyala iwiri, momwemonso mpweya uthamanga pa m'meropo, nukoka petulo kupyolera m'kaboo kakang'ono kochedwa jeti. Kabureta ya mtundu umenewu inakonzedwa ndi Wilhelm Maybach wa ku Germany m'caka ca 1893, ndipo Ole Evinrude anapanga injini yace yomangirira kumbuyo kwa boti m'mzinda wa Milwaukee, ku America, m'caka ca 1909. Kuyambira pamenepo zambiri zasintha, koma macitidwe a kabureta ndi omwewo.

Poyesa pa sikelo, injini ifuna magawo a mpweya pafupi-fupi 15 pa gawo limodzi la petulo. Petulo akacepa kwambiri sayaka, ndipo akacuruka kwambiri sayakanso. Ici ncofunika kucikumbukira, pakuti anthu ambiri aganiza kuti injini yokana kulira iri ndi njala nthawi zonse, pamene kawiri-kawiri iri yokhuta kopitirira.

YAMBANI NDI ZINTHU ZA PAMASO

Musanagwire sipanala, mangani boti colimba kumtengo, ndipo yang'anani zinthu izi cimodzi-cimodzi.

Coyamba, kacingwe kozimitsira injini. Injini zambiri za masiku ano ziri ndi kabatani kofiira, ndipo pansi pace palowa kapulasitiki ka pa kacingwe kamene woyendetsa amanga padzanja. Anakaika kuti munthu akagwera m'madzi injini izime. Kapulasitikiko kakapanda kulowa bwino, pulagi siipatsa moto konse, ngakhale mukoke cingwe kufikira dzuwa litalowa.

Caciwiri, giya ikhale pakati, osati kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo cigwiriro coonjezera liwiro cikhale pa cizindikiro coyambira.

Cacitatu, thanki. Musakhulupirire kuti munathiramo dzulo; inyamuleni, muigwedeze, mumve ndi makutu anu. Pa citsekero ca thanki pali kabauti kolowetsa mpweya. Kameneka kakhala kotseka paulendo wa pamtunda kuti petulo asatayike, koma injini isanalire kayenera kutsegulidwa. Kakakhala kotseka, petulo sayenda, monga madzi akana kuturuka m'botolo lozondotsa limene mpweya sulowamo.

Cacinai, paipi yocokera ku thanki. Onani ngati yalowa bwino mbali zonse ziwiri, ngati siinapindike, ndiponso ngati thumba la cimanga silinaikhalire. Pakati pa paipi pali kampira kopopera. Pa kampirako pali mubvi, ndipo mubviwo uyenera kuloza ku injini. Finyani kampirako kangapo kufikira kalimbe m'dzanja. Kakakana kulimba, ndiye kuti petulo watha, kapena paipi yang'ambika niyamwa mpweya, kapena petulo alikutayikira mu kabureta.

Cacisanu, choki. Ameneyu ndi kacitseko kocinga mpweya kuti petulo acuruke poyamba. M'mamawa m'miyezi ya cisanu, Juni ndi Julai, injini yozizira imfuna ndithu. Koma injini imene yangozima posacedwa, makamaka pa kutentha kwa Okutobala m'cigwa muno, siifuna choki iai. Mukakoka kawiri kapena katatu ndipo injini yatsokomola, bwezani choki pomwepo.

Ngati injini yanu iri yoliza ndi batire, cherani khutu kumva m'mene itembenukira. Ikatembenuka mwaulesi, batire lafooka, kapena mitu yace yacita dzimbiri. Musapotoze kiyi kopitirira masekondi 5 nthawi imodzi; pumulani pang'ono, ndipo yesaninso.

FUNSANI PULAGI

Zonsezi zikakhala bwino koma injini irikukanabe, lekani kukoka. Kukoka kopanda nzeru kungoonjeza bvuto. Bvulani cisoti ca injini, cotsani waya wa pa pulagi pogwira mphira yace, osati kukoka wayayo, ndipo masulani pulagi ndi sipanala yace-yace. Iyang'aneni kunsonga, muinunkhize. Pulagi ndiyo mboni imene inali m'kati pamene mlandu unacitika, ndipo siinama.

Ikakhala youma gwa, yosanunkha petulo, ngakhale mwakoka kambiri, ndiye kuti petulo sakufika. Bvuto liri pakati pa thanki ndi kabureta.

Ikakhala yonyowa ndi petulo, ndiye kuti petulo alikufika koma sakuyaka. Kapena wacuruka, kapena ndi woipa, kapena moto palibe.

Ikakhala ndi timadontho ta madzi, kapena cinthu cotuwa ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa, kaya kudzera m'petulo, kaya kudzera pa gasiketi yoonongeka.

Ikakhala yakuda bii ndi mwaye kapena oilo, ndiye kuti mwayewo ulikuba moto. Pulagi ya injini yamoyo ikhala yofiirira pang'ono ngati dothi louma.

Taonani tsono, ndi sipanala imodzi mwagawa nchito pakati. Simufunanso kufuna-funa ponse-ponse.

PULAGI IKAKHALA YOUMA

Pali kayesedwe kapafupi kotsimikizira. Thirani petulo wosanganiza ndi oilo, theka la supuni yaing'ono, m'boo la pulagi. Bwezani pulagi ndi waya wace, pukutani potayikira, ndipo kokani. Injini ikalira pang'ono nizimanso, kondwerani, pakuti moto ulipo ndi kupanikiza kulipo. Catsala ndi njira ya petulo yokha.

Itsateni njirayo monga mutsata ngalande ya kudimba, kuyambira kumene madzi acokera. Pa injini zambiri pali kasefa m'kakapu koonekera m'kati. Kamasuleni, mutaye zinyalala ndi madzi, mukatsuke ndi petulo woyera. Pambuyo pace pitani pa kambale ka kabureta. Pansi pace pali kabauti kokhetsera. Ikani kansaru kapena kacitini pansi, masulani kabautiko pang'ono, ndipo finyani kampira kaja. Petulo akaturuka bwino, njira yonse kufikira pamenepo iri yotseguka. Akapanda kuturuka, kasingano ka fuloti kamatirira. Nthawi zina kugogoda kambaleko pang'ono ndi cigwiriro ca sikuludiraiva kukamasula.

Petulo amene waturukayo musamtaye msanga. Mthireni m'botolo loyera, mudikire pang'ono. Madzi alemera koposa petulo, cotero akakhalamo atsikira pansi, ndipo mudzaona mzere pakati pao. Madzi alowa m'thanki ndi mvula, ndi mafunde, ndiponso ndi mame amene acita m'kati mwa thanki yosadzala usiku kukazizira. Enanso abwera ndi petulo wogula m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa mseu, amene simudziwa kumene wagona. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukapeza madzi, khuthulani thanki yonse ndi kambale komwe, ndipo thirani petulo watsopano, womsefa ndi nsaru yoyera.

Petulo naye akalamba. Boti likakhala pamtunda cilimwe conse cifukwa ca kucepa kwa madzi, petulo wa m'kambale auma, nasiya zomata ngati utomoni, ndipo zimenezi zitseka jeti. Ici ndico cifukwa injini zambiri zikana kulira pa ulendo woyamba wa dzinja. Petulo wotere asintha pfungo ndi maonekedwe, nakhala woderapo.

Apa pokha ndipo pofunika kumasula kabureta, ndipo nchitoyi siicitikira pamwamba pa madzi iai. Pitani nayo pamtunda, pamthunzi posaomba mphepo ya pfumbi. Yalani nsaru yoyera, ndipo kanthu kali konse mukacotsa mukaike pamzere, kuti pobweza muyambire kothera. Masulani jeti, muiloze kudzuwa; kuwala kukapanda kuoneka, yatsekeka. Itsukeni ndi petulo ndi kuipopa mpweya ndi pampu ya njinga. Musaitokose ndi singano kapena waya wacitsulo, pakuti jeti ndi ya mkuwa wofewa, ndipo boo lace likakula ngakhale pang'ono, injini idzamwa petulo wambiri masiku onse. Gwedezani fuloti pafupi ndi khutu; mukamva petulo m'kati mwace, yabooka, ndipo ifuna yatsopano. Kabauti ka m'mbali kokhala ndi sipuling'i, kamene kayesa petulo wa poyenda pang'ono-pang'ono, kalekeni monga kaliri. Ngati mwakamasula, werengani kuti mwakapotoza kangati, kuti mukabweze pomwepo. Ndiponso musayamwe petulo ndi pakamwa, pakuti akalowa m'mapapo abvulaza koopsa.

PULAGI IKAKHALA YONYOWA

Kawiri-kawiri apa injini yangokhuta, cifukwa ca choki wambiri ndi kukoka kosaleka. Mankhwala ace ndi apafupi. Bwezani choki. Pukutani pulagi, muiumitse padzuwa, osati pamoto. Pulagi iri kunja, cotsani kacingwe kozimitsira kaja kuti moto usacitike, ndipo kokani cingwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuti petulo wocuruka aturuke. Dikirani mphindi 10, bwezani zonse, tsegulani liwiro pang'ono, ndipo kokani popanda choki. Idzayamba ndi utsi wambiri, koma musaope.

Ikakanabe, yesani moto. Lowetsani pulagi pa waya wace, ndipo mazinga ace akhudze citsulo ca injini, kutali ndi boo la pulagi ndi kutali ndi petulo wotayika. Gwirani pa mphira ndi nsaru youma, mapazi anu asakhale m'madzi, ndipo mnzanu akoke cingwe. Citani zimenezi pamthunzi kuti muone bwino. Moto wabwino ukhala wobiriwira moyera, nulira kuti theche. Moto wofiirira ndi wofooka, ndipo ngakhale uoneka panja, ulephera m'kati mwa injini mmene muli kupanikiza. Musakoke cingwe waya ali lende osakhudza citsulo, pakuti kutero kuononga zopangira moto za injini zatsopano.

Moto ukasowa, yesani pulagi ina yatsopano. Ici ndico cifukwa mwini boti wanzeru sayenda wopanda pulagi yapadera. Nambala yace ikhale yomweyo imene yalembedwa pa yakale, pakuti mapulagi afanana pamaso koma asiyana kutalika ndi kutentha. Mpata wa kunsonga kwace uyenera kukhala monga buku la injini linena. Pa injini zambiri zazing'ono uli pakati pa mamilimita 0.6 ndi 1.0. Pulagi yatsopano ikapandanso moto, yang'anani mawaya ngati makoswe sanawadye m'nyumba m'mene munasunga injini, ngati sanamasuke, ndiponso ngati kabatani kozimitsira sikanalowe madzi. Zikapitirira apa, bvuto liri pansi pa gudumu lolemera la pamwamba pa injini. Injini zakale ziri ndi mapointi amene acita dzimbiri, ndipo zatsopano ziri ndi kabokosi komata kochedwa CDI, kamene sikatseguka. Imeneyi ndi nchito ya makanika, ndipo kabokosiko nkodula. Musakagule cifukwa ca mau a munthu amene sanayese ndi cipangizo.

Palinso cinthu cina cimene cicitika pa mtsinje wa mcenga ndi zitsa monga Luangwa. Pulopela ikagunda mwamphamvu, kacitsulo kogwira gudumu lija pamalo pace nthawi zina kaduka. Pamenepo moto uoneka wabwino ndithu, koma ufika pa nthawi yolakwika, ndipo injini iphulika-phulika kapena kubweza cingwe mwaukali. Ngati bvuto linayamba mutagunda, muuzeni makanika mau amenewa poyamba. Mudzampulumutsa ku nchito yambiri, ndipo inunso mudzalipira zocepa.

KUPANIKIZA

Petulo alipo, moto ulipo, koma injini iri duu. Catsala ndi cacinai. Dzanja lanu lidziwa kale kulemera kwa cingwe ca injini yanu. Cikapepuka kopambana masiku onse, kupanikiza kwacepa. Yambani mwaona ngati pulagi yamangika bwino. Pambuyo pace cotsani pulagi ndi kacingwe kozimitsira, tsekani boo ndi cala cacikuru, ndipo mnzanu akoke. Injini yamoyo ikankha cala mwamphamvu. Makanika ali ndi cipangizo coyesera bwino-bwino, ndipo pa injini ya masilinda awiri, onse awiri ayenera kulingana pafupi-fupi.

Kupanikiza kukatha, ndiye kuti maring'i a pisitoni adyeka kapena gasiketi yapsa, ndipo palibe cimene mungacite padooko. Koma bvuto limeneli silibwera lokha. Liri ndi makolo awiri.

Kholo loyamba ndilo kumana injini oilo. Injini zambiri za maboti ang'ono ndi za mtundu umene oilo asanganizidwa m'petulo momwemo. Zambiri za masiku ano zifuna gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 100 pa malita 5, kapena mamililita 400 pa cigubu ca malita 20. Injini zakale za British Seagull, zimene zinaleka kupangidwa m'caka ca 1996, zoyambirira zace zinafuna gawo limodzi pa magawo 10. Cotero musatengere muyeso wa mnzanu. Tsatani wa injini yanu. Oilo akacepa pisitoni ipsa, ndipo akacuruka pulagi ida. Akhale oilo wa injini za maboti, osati wotsala m'galimoto.

Kholo laciwiri ndilo kutentha. Injini ya boti izizira ndi madzi a mtsinje, amene akokedwa ndi kapampu ka mphira m'mwendo mwace. Madzi a Luangwa ali ndi mcenga wambiri, ndipo mcenga udya mphira. Injini ikalira, yang'anani kumbuyo ngati kamadzi kalikuturuka. Kakasowa, zimitsani msanga. Ndiponso musalize injini pamtunda popanda madzi, ngakhale kanthawi kocepa. Ikani mwendo wace mu mgolo wa madzi.

Injini ikagwera m'madzi yonse, musayese kuiliza pomwepo. Cotsani mapulagi, khetsani madzi onse ndi a mu kabureta, thirani oilo pang'ono m'maboo, ndipo ifike kwa makanika tsiku lomwelo, dzimbiri lisanayambe.

KWA INU A KUMTUNDA

Kapena inu a kumtunda, a kwa Kalindawalo ndi a kwa Ndake, muti nkhani iyi ndi ya anthu a kumtsinje. Iai, ndi yanunso. Injini ya pampu yothirira kudimba, ya jenereta, ndi ya njinga yamoto yokhala ndi kabureta zifuna zinthu zinai zomwezo, ndipo dongosolo ndi lomwelo. Kusiyana kwace ndi uku: zambiri za izo ziri ndi malo ace a oilo, cotero simusanganiza oilo m'petulo. Ziri ndi kampopi kotsegulira petulo, kamene anthu aiwala. Ziri ndi sefa ya mpweya, imene itsekeka ndi pfumbi la cilimwe. Ndipo zina, monga za Honda, ziri ndi kacipangizo kozimitsa moto oilo akacepa. Cotero pampu ikakana kulira, yambani mwayesa oilo, injini iri pamalo osapendekeka. Koma injini ya cigayo ya dizilo iribe pulagi yotere kapena kabureta, ndipo mau awa saikhudza.

KUPEWA KUPOSA KUCIZA

Walira mvula walira matope. Wogula injini wagulanso nchito yoisamala. Mukadziwa kuti boti likhala masabata ambiri osayenda, khetsani petulo wa m'kambale, ndipo injini muisunge m'nyumba, coimirira, mutu uli pamwamba. Thanki ikhale pamthunzi, yotseka bwino, kutali ndi moto ndi ana. Mvula isanayambe, m'mwezi wa Novembala, yesani injini mu mgolo, kuti ngati pali cofuna kugula mucigule miseu isanaonongeke.

Ngati boti liri la gulu kapena la mudzi, sankhani munthu mmodzi wosamala, kuti iye yekha ndiye azisanganiza petulo ndi kusunga zipangizo. Injini yogwiridwa ndi manja ambiri siicedwa kufa, ndipo ikafa palibe abvomera.

M'boti musasowe zinthu izi, zomanga m'citini cotseka: mapulagi awiri atsopano, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva, pulayala, cingwe capadera cokokera, botolo loyera ndi nsaru youma. Musasowenso nkhafi ziwiri, nsungwi yaitali yokankhira, cingwe comangira ndi cotungira madzi. Lizani injini boti liri cimangire, muisiye itenthe pang'ono, ndipo pokhapo masulani. Musakwezemo wodwala, ana kapena katundu ndi kukankhira boti pakati pa madzi poyembekeza kuti ilira kutsogolo, pakuti madzi a Febuluwale sadikira munthu. Ikazima pakati pa mtsinje, gwirani nkhafi poyamba, mufike kumtunda, ndipo sipanala ibwere pambuyo. Fodya asayake pafupi ndi petulo.

Tsono sungani dongosolo ili pamtima, ndipo muphunzitse ana anu amene ayenda ndi boti: kacingwe, thanki, paipi, choki; pambuyo pace pulagi; ikauma tsatani petulo, ikanyowa yesani moto; kotsiriza kupanikiza. Mukafika pamene nzeru zanu zathera, bwezani zonse m'malo mwace, ndipo pitani kwa makanika ndi injini yathunthu, mumuuze zimene mwayesa ndi zimene mwaona. Safunsa anadya phula.